Bawuti ya injini, maliro a kwa Dzoole ndi mbiri ya foni yoonana nkhope

Ndabweranso ine mwana wa msodzi uja, wokonza mainjini a maboti kuno ku Senga Bay. Lero sindikamba za mtengo wa usipa kapena za mwera ayi. Nkhani ya lero ndi yayitali ndithu, ndiye ngati muli pa kabaza dikirani mutsike kaye. Ndaitenga kumaliro kwa Dzoole ku Dowa, kwawo kwa amayi anga.

*Zomwe zinachitika kwa Dzoole*

Mwezi wathawu tinataya amalume, omwe anali mwini mbumba wathu. Bambo anga ndi a kunyanja, koma ife Achewa mukudziwa kale, kwanu ndi komwe kunachokera amayi ako. Ndinakwera minibasi mpaka pa Mponela, kenako njinga yamoto kulowa kumudzi, kudutsa m'zigafa za fodya. Titaika maliro, m'mawa mwake akuluakulu anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti asankhe woyang'anira mbumba ndi minda. Dzina lomwe linatuluka ndi la achimwene, mwana wa amayi aakulu, omwe ali ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chimodzi tsopano. Kumaliro sanathe kubwera, nkhani ya thiransipoti ndi ntchito.

Onse anavomera kupatula agogo. Iwo anati, "Ine mbumba sindipereka kwa mawu okha. Ndimuone kumaso mwanayo, ndione ngati akadali munthu."

Tsoka ilo, foni ya achimwene inali itabedwa sabata yomweyo. Abwana awo anawachitira chifundo, nkuwalola kukhala pa kompyuta ya mu ofesi, yomwe ili ndi pulogalamu yochitira misonkhano ya pavidiyo. Ife kumudzi tinali ndi apu ina, yochezera ija. Uko kamera ilipo, kuno kamera ilipo. Uko intaneti ilipo, kuno ndakwera pa chulu netiweki yagwira. Koma ziwirizi kuimbirana, ng'o. Ndinayesa kutsitsa pulogalamu yawoyo, foni yanga nkundiuza kuti malo adzadza, komanso bandulo yomwe ndinagula inali ya macheza okha.

Mapeto ake abwana aja anangotenga lamya ya pa desiki nkuimba pa kafoni ka mabatani ka amayi, kaja tinkati Mose wa Lero. Nthawi yomweyo kanalira. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Mawu ndamva, nkhope sindinaione. Nkhani iyime kaye."

Usiku umenewo sindinagone. Bwanji lamya ya kampani ya ku South Africa ikulankhula ndi kafoni kakale ka kampani ya ku Malawi popanda vuto, koma makina awiri atsopano a vidiyo akukanana ngati apongozi? Nditabwerera kunyanja ndinayamba kuwerenga. Zomwe ndapeza ndi izi.

*Yambani ndi bawuti*

Amene munagwirapo sipanala mundimva msanga. Injini ya Yamaha, ya Suzuki, ya Tohatsu, zonsezi ndimamasula ndi masipanala omwewo, 10, 12, 14, chifukwa a ku Japan amatsata muyezo wa mamilimita. Koma bweretsani kainjini kakale ka British Seagull, komwe agogo athu ena ankayendera panyanja, sipanala zanga sizigwira bwino, zimangotafuna mutu wa bawuti, poti iko kadapangidwa pa muyezo wa mainchi.

Kale ku Mangalande zidali zoipa kuposa apa. Fakitale iliyonse inkadula mazinga a bawuti m'njira yakeyake, moti nati ya uyu sinkalowa pa bawuti ya uyo. M'chaka cha 1841 mmisiri wina dzina lake Joseph Whitworth adabwera ndi muyezo umodzi woti aliyense atsate, ndipo makampani a njanji adautenga. Muyezo wotere, wolembedwa poyera kuti aliyense awerenge nkupanga chake chogwirizana ndi cha mnzake, ndiwo mutu wa nkhani yathu. Sungani bawutiyo m'thumba, tiifunanso.

*1865: uthenga unkatsika pa malire*

Foni isanabwere kudali telegalamu, uthenga woyenda pa nthambo. Ku Ulaya dziko lililonse lidali ndi nthambo zake ndi malamulo ake. Uthenga ukafika pa malire, kalaliki ankaulemba pa pepala, kuupereka pamanja kwa kalaliki wa tsidya linalo, iyeyo nkuutumizanso. Ngati momwe katundu amatsikira m'boti nkukwera lole.

Pa 17 May 1865 mayiko 20 adakumana ku Paris nkusainirana pangano loti nthambo zawo zizilumikizana ndi kutsata malamulo amodzi. Apo ndiye padabadwira bungwe la International Telegraph Union, lomwe lero timati ITU. Likulu lake lili ku Geneva, ndipo kuyambira 1947 lili pansi pa United Nations. Manambala aja timayamba nawo poimba kunja, +265 ya Malawi, +27 ya South Africa, +260 ya Zambia, +258 ya Mozambique, amagawa ndi iwowa.

Nthambo zimenezi zidafika kwathu kuno m'zaka za m'ma 1890, kudzera ku kampani ya Cecil Rhodes ya African Transcontinental Telegraph. Zidakwera m'mbali mwa nyanja yathu yomweyi, kudutsa Nkhotakota mpaka Karonga. Sadazikokere ife ayi, zidali za atsamunda ndi malonda awo, koma dziwani kuti gombe lino lidalumikizidwa ku dziko lonse kalekale.

Mafoni a m'manja nawo adayenda njira yomweyo. Mayiko a ku Ulaya adagwirizana muyezo umodzi wotchedwa GSM, ndipo foni yoyamba pa muyezowu idaimbidwa ku Finland mu 1991. Kuno TNM idayamba mu 1995, Celtel idabwera mu 1999, nkusanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010. Lamulo la 1998 lidakhazikitsa MACRA yoyang'anira zonsezi. Mayina asintha, eni ake asintha, koma SIM khadi mukaichotsa mu Nokia nkuiika mu Itel imagwira, ndipo wa netiweki iyi amaimbira wa netiweki iyo. Nchifukwa chake kafoni ka amayi kanalira tsiku lija. Si chifundo cha kampani, ndi pangano.

*1964: foni yoonana yoyamba kugwa chagada*

Maganizo oonana pa foni ndi akale. Ku Germany, mu 1936, a positi adatsegula timanyumba toimbirana moonana pakati pa Berlin ndi Leipzig. Ndipo mu 1964, chaka chomwe ife tinkalandira ufulu, kampani ya AT&T idaonetsa makina otchedwa Picturephone pa chionetsero chachikulu ku New York. Adaika timanyumba ku New York, Washington ndi Chicago, mtengo wake kuyambira madola 16 pa mphindi zitatu zokha. Mu 1970 adayamba kugulitsa ku maofesi mumzinda wa Pittsburgh. Ogula adali ochepa zedi, ndipo patangopita zaka zochepa nkhaniyo idazilala.

Chidaipha ndi mtengo, komanso ichi: ugula bwanji foni yoonana pomwe amene ukufuna kumuona alibe? Boti limodzi silikoka chilimira. Pafunika anzako.

M'zaka za m'ma 1980 makampani ena a ku Amereka monga Compression Labs ndi PictureTel adayamba kupanga makina a misonkhano ya pavidiyo. Adali odula koopsa, ogula ndi mabanki ndi makampani akuluakulu basi. Ndipo vuto la bawuti lija lidabweranso. Makina a kampani iyi sankamva chilankhulo cha makina a kampani iyo. Ofesi yanu ikagula mtundu uwu, onse omwe mukufuna kukumana nawo agulenso womwewo.

*Chomwe makina awiri ayenera kugwirizana*

Apa ndifotokoze pang'ono za m'kati mwa injini, musatope. Kuti makina awiri aonetsane nkhope pafunika agwirizane zinthu zitatu.

Choyamba ndi kagogodedwe. Wina aziti odi, winayo aziti lowani, nkuuzana kuti ine ndimatha izi, iwe umatha ziti.

Chachiwiri ndi kafinyidwe ka chithunzi. Vidiyo yaiwisi ndi yolemera kwambiri, singadutse pa nthambo. Zili ngati usipa. Wauwisi sungapite nawo ku Mponela, umayamba wauyanika pa thandala, madzi achoke, upepuke. Makina nawo amataya zosafunika. Agogo akakhala pakhonde, khoma la kumbuyo kwawo silisuntha, ndiye makina satumiza khomalo kambirimbiri, amangotumiza zomwe zasintha, milomo ndi maso. Koma wolandirayo ayenera kudziwa momwe mnzake wafinyira, apo ayi aona zibalobalo zokhazokha.

Chachitatu ndi msewu womwe timitolo ta mawu ndi zithunzi tidutse, ndi kuti tikafika tisanjidwe bwanji kuti milomo isatsogole mawu nkutsalira.

Chimodzi mwa zitatuzi chikasiyana, basi, nati yakana bawuti.

*1990: pangano lipezeka*

Akatswiri a mayiko osiyanasiyana adakhala pansi ku ITU kwa zaka zingapo. Adatulutsa muyezo wofinyira vidiyo wotchedwa H.261, ndipo mu 1990 padabwera H.320, womanga zitatu zija pamodzi pa nthambo za foni za mtundu wa ISDN. Kuyambira pamenepo makina a ku Japan adayamba kuimbira makina a ku Norway kapena a ku Amereka, bola onse atsate bukulo. Mitengo idayamba kutsika poti wogula sadalinso kapolo wa kampani imodzi.

Intaneti itakula, mu 1996 ITU idatulutsa H.323 yochita zomwezo pa makompyuta. Mu 1999 gulu lina la akatswiri a intaneti, IETF, lidatulutsa kagogodedwe kena kotchedwa SIP, komwe mmodzi mwa olemba ake ndi Henning Schulzrinne. Mu 2003 padabwera H.264, kafinyidwe komwe mavidiyo ambiri omwe mumatumizirana pagulu pano amayendera mpaka lero.

Ndinene chilungamo, miyezo imeneyi sikuti yonse ndi yaulere. Bukulo aliyense atha kuwerenga, koma nzeru zina za m'kati mwa H.264 zili ndi eni ake, ndipo opanga mafoni amalipira. Komabe chitseko nchotsegukira aliyense, palibe amene angakuuze kuti iwe usapange.

Kwathu kuno makina a mtundu umenewu adayamba kuoneka m'maofesi akuluakulu, osati m'midzi. Chitsanzo chodziwika ndi Pan-African e-Network. Mtsogoleri wa dziko la India, A. P. J. Abdul Kalam, adapereka ganizoli mu 2004 ali ku South Africa, ndipo ntchito idatsegulidwa mu 2009. Idalumikiza masukulu aukachenjede ndi zipatala za ku India ndi za mayiko a mu Africa. Ku Chancellor College ku Zomba anthu adaphunzira mpaka kutenga madigiri, mphunzitsi ali ku India, iwo akumuonera pa sikirini.

*Kenako aliyense adamanga mpanda wake*

Mukadaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, onse agwirizana. Ayi ndithu. Vidiyo itachoka m'zipinda za mabwana kubwera m'manja mwa anthu wamba, makampani adaona kuti phindu lili pa kusunga anthu m'khola lako.

Skype idayamba mu 2003, oyambitsa ake Niklas Zennström ndi Janus Friis. Inali yosavuta, yaulere, koma chilankhulo chake chidali chachinsinsi. Wa Skype ankaonana ndi wa Skype yekha. Mu June 2010 Steve Jobs wa Apple, poonetsa FaceTime, adalonjeza pagulu kuti aipereka ikhale muyezo wotseguka kwa onse. Sizidachitike. WhatsApp idayamba mu 2009, Facebook idaigula mu 2014, ndipo kuimbirana pavidiyo kudabwera mu November 2016. Zoom ya Eric Yuan idatuluka mu 2013. Zonsezi zimagwira ntchito bwino, ndipo m'kati mwake zimagwiritsa zidutswa za miyezo yotseguka ija, monga H.264. Koma pa chipata aliyense adaika loko wake. Simungaimbe kuchoka pa iyi kupita pa iyo.

Ndipo mwini mpanda akatopa amatseka. Microsoft idagula Skype mu 2011 pa madola 8.5 biliyoni, ndipo mu May 2025 idaitseka. Anthu omwe adasunga abale awo kumeneko kwa zaka makumi awiri adauzidwa kuti asamuke. Nambala ya +265 ija ikadalipo.

*2020: tonse tidalowa m'kalasi*

Covid-19 italengezedwa kuti yafika m'Malawi pa 2 April 2020, nkhani yomwe inali ya mabwana idasanduka ya aliyense. Mu August chaka chomwecho atsogoleri a SADC adachita msonkhano wawo waukulu pa vidiyo, aliyense ali kwawo. Mapemphero, maphunziro, mafunso a ntchito, ngakhale maliro a abale omwalirira ku Joni, zonse pa foni. Mu 2024 a makhothi kuno adakhazikitsa njira yozengera milandu ina pa vidiyo, woweruza ali kukhothi, woimbidwa mlandu ali kundende kapena kupolisi. Pitaninso ku Dzaleka, m'boma lomweli la Dowa, komwe othawa kwawo akhala kuyambira 1994. Mabanja ambiri kumeneko adagawikana, ena ali ku Congo, ena ku Canada, ena ku Amereka, ndipo nkhope za ana awo amazionera pa foni basi.

Tsono taonani amene mpanda umamupweteka. Bwana wa mu tauni ali ndi foni ya malo ambiri ndi intaneti yosatha, amangoika mapulogalamu onse asanu. Mlimi wa fodya kwa Dzoole kapena bambo anga pa gombe ali ndi foni imodzi yodzadza kale, yotchaja pa sola ya oyandikana nawo, ndi bandulo yotsegula khomo limodzi lokha. Kwa iye khomo lina lililonse ndi ndalama ya ndiwo.

*Kuwala kulipo pang'ono*

Mu 2011 Google idatsegulira anthu onse nzeru yotchedwa WebRTC, ndipo mu January 2021 mabungwe a W3C ndi IETF adailengeza kukhala muyezo. Ntchito yake ndi yoti bulawuza yomwe ili kale mu foni yanu, kaya Chrome, kaya Firefox, kaya Safari, izitha yokha kutsegula kamera nkuimba vidiyo popanda kutsitsa pulogalamu ina. Wina akutumizirani linki, mwadina, mwalowa.

Ku Ulaya nako adakhazikitsa lamulo lotchedwa Digital Markets Act mu 2022. Kuyambira March 2024 likukakamiza makampani akuluakulu a mauthenga kutsegula chipata kuti mapulogalamu ena azilumikizana nawo, kuyamba ndi mauthenga olemba, mavidiyo pambuyo pake. Koma lamulolo ndi la anthu a ku Ulaya, ife silikutikhudza.

Musati kuno sizingatheke. Kumbukirani kale khadi la banki iyi silinkatulutsa ndalama pa makina a banki iyo. Mu 2015 padabwera National Switch yolumikiza mabanki, ndipo lero mumatha kutumiza ndalama kuchoka pa Mpamba kupita pa Airtel Money, kapena kuchoka ku banki kupita pa foni. Mipanda ija sidagwe yokha, anthu adakhala pansi, a Reserve Bank nkuikapo mawu.

*Tibwerere pansi pa mango*

Tsiku lachitatu mphunzitsi wina wa pa sukulu ya pulayimale yapafupi, yemwe anabwera kudzapepesa maliro, anamva nkhani yathu. Anati, "Auzeni abwanawo asatumize pulogalamu, atumize linki yotsegula pa bulawuza." Tinasonkherana, ndinagula bandulo ya intaneti yonse, ndinafufuta zithunzi za mainjini zomwe zinadzadza mu foni. Pa chulu paja agogo sakanatha kukwera, ndiye tinawanyamula pa mpando anyamata anayi, mudzi wonse ukuseka.

Ndinadina. Chithunzi chinabwera chodukaduka, kenako chinakhazikika. Achimwene ali mu ofesi ya eni ake, atavula chipewa, manja ali pamodzi.

Agogo anayang'ana nthawi yayitali osalankhula. Kenako anati, "Waonda. Koma maso ndi omwe aja. Ukumwa mowa?" Achimwene anati, "Ayi agogo." Agogo anati, "Tayang'ana kuno ukamayankha." Anayang'ana. "Chabwino. Mbumba ndi iyi, minda ndi iyi. Pokolola ubwere udzagwade pa manda a malume ako." Amayi aakulu analira, ntchembere zinaluluta, nkhani inatha. Mphindi zisanu ndi ziwiri zokha, ndipo tinadikira masiku atatu.

Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti chomwe chatipulumutsa chili ndi dzina. Ndadziwa pano kuti ndi pangano lomwe anthu osadziwana adalemba poyera, ngati la ku Paris lija, ngati la Whitworth lija.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono. Inu a m'mabungwe, a mipingo, a makomiti a m'magombe ndi makalabu a alimi, mukamaitana anthu a kumudzi ku msonkhano wa pavidiyo, funsani kaye ngati angalowe ndi linki yokha. Inu ogula makina a maofesi a boma, zipatala ndi makhothi, funsani wogulitsayo funso lomwe ine ndimafunsa munthu akandibweretsera injini yachilendo: kodi sipanala wamba igwira, kapena mpaka ndiitanitse ya kwanu? Ndipo inu achinyamata omwe muli ku MUBAS ndi ku MUST, mabuku a miyezo imeneyi ali pa intaneti, ambiri osalipira. Ine ndinalekera Fomu 4 koma ndayesa kuwerengako. Inu mungapite patali.

Amene muli ndi m'bale ku Joni, sungani nambala yake yeniyeni papepala, osadalira apu yokha. Tsiku lina idzakuthandizani ngati kafoni ka amayi.

Ndaima pano, kwabwera boti la ku Chikombe lomwe injini yake ikukana kulira kuyambira dzulo. Tumizani kwa ena, makamaka a kwa Dzoole ndi a ku Mponela, awauze agogo kuti nkhani yawo yafika kunyanja.